Kumanganso nyumba ya makolo chivomezi chitaigwetsa: mmene mungayendere limodzi ndi bilida wanu

Chivomezi chikatha, fumbi lija litakhazikika, mwawerengana mwapeza kuti nonse mulipo, maganizo oyamba amakhala oti timange msangamsanga amayi asamagone panja. Ine ndikumvetsa chifukwa zinandionekera. Nyumba ya makolo athu imene tonse tinakuliramo inatseguka makona awiri moti umatha kulowetsamo dzanja, khoma la kugebulo lija linagwera mkati pabedi penipeni, mwayi wake nthawi imeneyo munalibe munthu. Tinamanganso, ndipo ndikulembazi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza tisanagule olo thumba limodzi la simenti. Nkhani yagona apa: zonse zimene zimagwira nyumba pa chivomezi zimabisika. Zitsulo zimalowa mu konkire, konkire amaphimbidwa ndi pulasitala, pulasitala amaphimbidwa ndi penti. Nde ngati inu ndi bilida wanu simunamvane zinthuzo zisanabisike, basi mwachedwa, mudzaziona tsiku limene nthaka idzagwedezekenso.

Poyamba penipeni musathamangire kubwerera mnyumba yong'ambikayo. Nthaka siigwedezeka kamodzi n'kusiya. Ku Nepal chivomezi cha mphamvu ya 7.8 chinachitika pa 25 April 2015, anthu akuti tayambe kutolera zotsala, pa 12 May kunabweranso china cha 7.3 n'kumalizitsa nyumba zimene zinali zitafooka kale. Ku Christchurch, New Zealand, cha September 2010 chinali cha 7.1 koma chimene chinapha anthu 185 ndi cha pa 22 February 2011, chocheperapo, cha 6.3. Ndiye khalani panja kaye, tulutsani zofunika mwachangu ngati khoma silikupendama, zimitsani magetsi, ndipo jambulani chilichonse ndi foni musanasunthe njerwa ndi imodzi yomwe. Zithunzi zimenezo mudzazifuna kwa a inshuwalansi ngati muli nayo, kwa amene akupereka thandizo, komanso bilida ndi injiniya adzawerengapo mmene nyumbayo inagwera.

Kenako pezani injiniya wa zomangamanga adzaone, bilida asanagwire chilichonse. Ambiri amadumpha pamenepa ati kusunga ndalama, koma funso loti tikonze kapena tigumule si la bilida yekha, chifukwa iye mbali iliyonse imene mungasankhe ntchito wapeza. Pamene mukudikira injiniyayo mukhoza kuyang'ana nokha. Mng'alu woonda ngati tsitsi umene uli pa pulasitala pokha nthawi zambiri si woopsa, gogodani pang'ono muone ngati njerwa zamkati zili bwino. Koma mng'alu umene mukuuona mkati n'kuuonanso kunja malo omwewo, kapena wopingasana ngati chilembo X pakati pa mawindo awiri, kapena makoma awiri asiyana pakona, kapena khoma lafufuma ngati mimba, zimenezo si zomata ndi simenti. Kumata mng'alu wotere ndi kubisa bala lomwe likadali ndi mafinya.

Musanafune bilida, khalani pansi apabanja. Izi ndikunena mochokera pansi pa mtima chifukwa ife zinatisokoneza masabata oyamba. Nyumba ya makolo aliyense amati ndi yake, ndipo ndi zoona. Achimwene amene akutumiza ndalama zambiri ali kutali akufuna chipinda chowonjezera, achemwali akufuna windo lalikulu kuchipinda chochezera, amayi akungofuna khomo liyang'ane komwe linkayang'ana kale. Aliyense akamaimbira bilida payekha, munthuyo amangomva za amene wayimba pomaliza. Gwirizanani kuti wolankhula ndi bilida ndi mmodzi, makamaka amene angathe kufika pamalopo pafupipafupi, enawo azidzera mwa iyeyo. Ndipo amene adzagonemo afunsidwe kaye, si bwino kuwamangira amayi nyumba imene iwo sanaimvetse. Mapepala a malo ndi chilolezo chomangira konzeranitu nthawi yomweyi.

Tsopano kusankha bilida. Chivomezi chikachitika ntchito imachuluka kuposa amisiri, nde aliyense amene ali ndi chipande chomangira amasanduka bilida. Musachite manyazi kufunsa kuti amisiri, nyumba zimene munamanga zili kuti, tipite tikazione. Ino ndi nthawi yokhayo imene ntchito ya munthu yayesedwa poyera, nyumba zake zaima kapena zagwa, palibe chobisa. Lankhulani ndi eni nyumbazo iye asali pompo, afunseni ngati ankabwera tsiku ndi tsiku kapena ankagwira malo atatu nthawi imodzi.

Koma mayeso amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi awa: muyendetseni pa bwinja lanulo mumufunse kuti inagwa chifukwa chani. Woyamba amene tinamuitana anangozungulira kamodzi n'kunena kuti chivomezi ndi chivomezi palibe nyumba ingapirire, timate ming'aluyi tiikenso gebulo basi sabata ziwiri mwalowa. Wachiwiri anagwada pakona paja, anatola chidutswa cha matope omangira a pakati pa njerwa n'kuchifinya ndi zala, chinangoyoyoka ngati mchenga wouma. Anandipatsa kuti inunso tafinyani. Kenako anatiitana tonse n'kutionetsa kuti pamwamba pa makoma panalibe lamba aliyense womanga nyumba yonse pamodzi, makoma anayi aja aliyense anali payekha, denga linangokhazikidwa pamwamba. Anati bambo, nyumbayi sinagwe lero, inayamba kugwa tsiku limene inamangidwa. Tinamutenga ameneyo. Bilida amene amatha kukufotokozerani chifukwa chimene chakale chinagwera ndi amene sangabwereze zomwezo.

Pa pulani, mtima umafuna kubwezeretsa nyumba momwe inalili ndendende, kapena kuikulitsa kuti tipukute misozi. Pepani, apa mverani injiniya. Nyumba imene imapirira ndi yooneka mophweka, ya makona anayi, yosatalika kwambiri ngati sitima, yokhala ndi makoma amkati opingasa amene amagwira makoma aatali. Ngati mukufuna ya mawonekedwe a L, mbali ziwirizo zimangidwe ngati nyumba ziwiri zosiyana pang'ono, chifukwa pa chivomezi mbali iliyonse imagwedezeka mwa iyo yokha ndipo zimang'ambana pokumanira. Mawindo ndi zitseko zisayandikire kona, siyani khoma losachepera masentimita 60, ndipo musadzaze khoma limodzi ndi mawindo okhaokha pamene linalo ndi lotseka lonse. Windo lalikulu la achemwali lija tinaligawa pawiri n'kusiya khoma pakati, anadandaula tsiku limodzi kenako anamvetsa. Ngati ndi yosanja, pansi pasakhale mapilala okhaokha opanda makoma. Nyumba zambiri zimene zinakhala pansi ku Turkey pa 6 February 2023 zinayambira kuthyoka pansi potero. Denga likhale lopepuka. Ku Bam, Iran, mu December 2003, nyumba za zidina zokhala ndi madenga olemera a dothi zinapsinja anthu ali mtulo, anafa oposa 26,000. Ndipo yang'ananinso nthaka yeniyeniyo. Ngati pa chivomezi paja panatumphuka mchenga ndi madzi pabwalo, kapena nyumba inatitimira mbali imodzi, kapena muli pamalo otsetsereka pamene pang'ambika, muuzeni injiniya zimenezo, mwina maziko asinthe kapena nyumba isunthe.

Mgwirizano lembani, olo bilidayo akhale mbale wanu, makamaka akakhala mbale wanu. Sizifuna chizungu chambiri ayi, pepala limodzi kapena awiri m'chilankhulo chimene nonse mukumva: ntchito yake ndi iti, ikutsata pulani iti, ogula zipangizo ndani, osunga ndani, ndipo malipiro aziperekedwa pa gawo liti. Musapereke ndalama zonse poyamba, ndipo musamalipire potengera masiku, lipirani potengera pamene ntchito yafika: maziko, makoma kufika pawindo, ringi bimu (lamba wa konkire womanga makoma onse pamwamba uja), denga, kumalizitsa. Kagawo kena kakang'ono katsale m'manja mwanu mpaka patapita miyezi ingapo mutalowa, kuti zikaoneka zolakwika abwere adzakonze. Koma mzere wofunika kuposa yonse ndi uwu, ulembedwe momveka: konkire sathiridwa paliponse inu kapena injiniya musanaone zitsulo. Ndipo inunso mbali yanu sungani, tsiku lolipira likafika lipirani, chifukwa bilida amene anyamata ake sanalandire amapita kukagwira kwina n'kukusiyirani wophunzira.

Nde tifike pa zobisika zija, pamene ndikufuna mukhalitse maso.

Mamangidwe amene tinatsata, amenenso agwira ntchito bwino m'maiko a zivomezi ngati Chile, Mexico ndi Peru, ndi oti khoma la njerwa limazunguliridwa ndi konkire wa zitsulo mbali zonse zinayi: bimu pansi pamwamba pa maziko, mapilala m'makona ndi pamene makoma akumana, ringi bimu pamwamba. Kumbukirani 2010, Haiti chinagunda cha 7.0 mu January anafa anthu oposa 100,000, Chile chinagunda cha 8.8 mu February anafa 500 ndi kakuti. Zifukwa zilipo zingapo koma chachikulu ndi mamangidwe ndi kutsata malamulo ake. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi dongosolo la mamangidwe amenewa: zitsulo za pilala zimaimikidwa kuchokera m'maziko, kenako khoma limamangidwa kaye, konkire wa pilala amathiridwa pambuyo. Kumapeto kwa khoma njerwa zimasiyidwa zotuluka ndi zolowa ngati mano, masentimita osapitirira 5, kuti konkire akalowa alumane ndi khomalo zikhale chinthu chimodzi. Bilida wozolowera kuimika mapilala kaye n'kudzaza njerwa pambuyo akhoza kukuuzani kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi, khoma lodzaza pambuyo limangotsamira, likakankhidwa limatuluka lonse ngati chitseko. Mapilala amenewa asatalikirane kupitirira mamita 4 kapena apo, ndipo makomo ndi mawindo akuluakulu nawonso amafuna awo m'mbali.

Tsiku loona zitsulo pitani ndi tepi yoyezera, ndipo gwadani muone bwinobwino. Kawirikawiri pilala amakhala ndi zitsulo zinayi zoima za mamilimita 10 kapena 12, zomangidwa ndi timaringi ta mamilimita 6. Timaringi timeneti ndi timene anthu amatipeputsa koma ndi timene timagwira konkire kuti asaphulike nyumba ikamavina. Onani nsonga zake. Zikhale zopindidwira mkati mwa pilala ngati mbedza, madigiri 135, osati kungokhotetsa pa 90 n'kusiya. Ya 90 ija konkire wakunja akangosweka imatseguka ngati pakamwa, zitsulo zoima zija n'kupindikira kunja. Kupinda mbedza kumatenga nthawi ndipo kumapweteka manja, nchifukwa chake anyamata amazemba. Ine ndinapeza pilala mmodzi wa kuseri timaringi tonse tili pa 90, ndinamuitana bilida pambali n'kumuonetsa, sanatsutse, anamasula tonse madzulo omwewo. Onaninso kutalikirana kwake, pakati pa pilala masentimita 20, koma kufupi ndi pansi ndi kufupi ndi ringi bimu tithinane, masentimita 10, chifukwa mpamene mphamvu imasonkhana. Polumikiza zitsulo ziwiri zipitirirane mokwanira, cha 12 chipitirire ngati masentimita 60, ndipo zolumikiza zonse zisakhale malo amodzi. Pakona pa ringi bimu zitsulo zisangofika n'kuthera pomwepo, zikhote zilowe mu bimu ya khoma linalo, apo ayi mwamanga malamba anayi osiyana m'malo mwa lamba mmodzi. Komanso chitsulo chisagunde thabwa, pakhale mpata wa masentimita awiri ndi theka kuti konkire achikute, ikani timiyala ta simenti totchingira. Chitsulo chimene chili pamtunda chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa n'kuswa konkire. Manambala ndatchulawa ndi a nyumba wamba yapansi, ngati pulani ya injiniya wanu kapena malamulo a kwanuko akunena zoposa apa tsatirani zimenezo.

Tsiku lothira konkire musapite kwina, ngakhale kuntchito pemphani. Muyeso ukhale wa ndowa kapena bokosi limodzi lomwelo, osati kuwerenga mafosholo, chifukwa fosholo ya mmawa ndi ya madzulo munthu atatopa sizifanana. Muyeso wodziwika ndi 1:2:4, simenti imodzi, mchenga ziwiri, miyala zinayi, pokhapokha injiniya atanena wina. Mdani wamkulu ndi madzi. Konkire wamadzimadzi amathirika mosavuta, anyamata amamukonda, koma akauma amakhala wofooka chifukwa madzi owonjezerawo akachoka amasiya timabowo. Akhale ngati phala lolimba, ndipo akathira azisinja ndi chitsulo n'kumagogoda matabwa ndi hamala kuti alowe paliponse. Pilala asathiridwe kuchokera pamwamba penipeni ulendo umodzi, miyala imagwa yokha pansi simenti n'kutsalira, bola kuthira theka khoma likafika chapakati, theka linalo pambuyo. Akachotsa matabwa pitani mukaone nthawi yomweyo asanamate. Mukaona mabowo ngati chisa cha njuchi ndipo zitsulo zikuonekera, musalole kuti angopaka simenti pamwamba, aitane injiniya anene ngati ndi pokonza kapena pogumula.

Ndiye kuthirira. Iyi ndi ntchito imene apabanja mungaigwire nokha ndipo siifuna luso. Konkire salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa simenti ikupitiriza kugwirana ndi madzi, ndiye akauma msanga kulimbako kumaima panjira. Masiku 7 osadumpha akhale wonyowa, mukulungeni ndi masaka onyowa, mphamvu yake yodalirika imafika pa masiku 28. Kwathu ntchito imeneyi anaitenga ndi amayi, mmawa ndi madzulo ndi kandowa kawo, ankati imeneyi nde mbali yanga.

Zipangizo nazo muziziyesa zikangofika. Mchenga thirani m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, siyani ukhazikike, mukaona dothi lochindikala pamwamba pa mchengawo ndiye kuti ndi wakuda, usefedwe kapena utsukidwe. Wa kunyanja ya mchere ayi ndithu, mchere umadya zitsulo. Simenti imene yachita mibulu yolimba yosaphwanyika ndi zala yatha ntchito. Njerwa ziwiri mukaziombanitsa zilire ngati chitsulo, ndipo mukaigwetsa kuchokera m'chiuno isanyenyeke. Zinyowetsedwe zisanamangidwe kuti zisamwe madzi a m'matope, mipata yoima ya pakati pa njerwa idzadzidwe yonse osati kungopaka kumaso, ndipo mizere ya matope isachindikale kuposa sentimita imodzi ndi theka. Za pa bwinja zija, njerwa zathunthu zimene mwazipala bwino mukhoza kugwiritsanso ntchito, zidutswa zipite pansi pa fulo. Koma zitsulo zopindika zimene mwasolola m'zogumuka musaziwongole n'kuziikanso m'mapilala, zinatopa kale.

Gebulo ndi denga ndi pamene anthu amafika atatopa, ndalama zitatha, nde amangoti tamalizani. Koma kumbukirani chimene chinagwera pabedi paja. Khoma la gebulo ndi lalitali, laima palokha pamwamba penipeni pamene nyumba imagwedezeka kwambiri. Ngati mukulimanga ndi njerwa likhale ndi lamba wake wa konkire wotsata kupendekeka kwa denga, apo ayi litsekeni ndi matabwa kapena malata, kapena sankhani denga lotsetsereka mbali zonse zinayi lopanda gebulo. Ife tinasankha lopanda gebulo, palibe anatsutsa. Matabwa a denga amangiriridwe ku ringi bimu ndi mabawuti kapena zitsulo zimene zinamizidwa mu konkire akadali wamuwisi, zimenezi zimakonzedwa tsiku lothira ringi bimu, mukaiwala tsiku limenelo mudzavutika. Ngati ndalama zikuchepa, chepetsani zipinda, siyani matailosi, siyani siling'i, penti adikire chaka chamawa. Pa zitsulo ndi simenti pokha musachotsepo.

Mawu pang'ono pa kalankhulidwe, chifukwa zonsezi mukhoza kuzidziwa koma n'kumuthawitsa bilida wabwino ndi pakamwa. Munthuyu ndi mmisiri, wagwira ntchitoyi zaka, mwinanso nyumba yake nayo inagwa ndipo akubwera kwanu kuchokera mu tenti. Mukaona cholakwika musamudzudzule pamaso pa anyamata ake, muitanireni pambali, funsani kuti amisiri, apa pulani ikuti chani, tatiyeni tione limodzi. Nthawi zina mudzapeza kuti wolakwa ndinu, iye waona chimene inu simunaone. Akakuuzani kuti chinachake pa pulani sichikugwirika, musangoti chitani momwemo komanso musangoti sinthani, imbirani injiniya muli limodzi pompo. Chilichonse chimene mwasintha chilembeni m'kabuku kamodzi, deti lake, ndalama yake, nonse musayine. Kabuku kathu kanathera ndi madontho a simenti tsamba lililonse koma sitinakanganepo za ndalama olo kamodzi.

Ndipo jambulani zitsulo zonse zisanakutidwe, pilala aliyense, kona iliyonse ya ringi bimu, tepi yoyezera ikuoneka pachithunzipo. Tumizani kwa abale amene ali kutali aone kumene ndalama yawo yalowa, zina sindikizani musunge pamodzi ndi pulani, kuti mwana amene adzafune kuwonjezera chipinda zaka zikubwerazi adzadziwe chimene chili mkati mwa khoma asanaboole.

Polowa, makabati aatali akhomereni kukhoma, zolemera zikhale m'munsi, pamwamba pa bedi pasapachikidwe kanthu, ndipo njira yopita kukhomo ikhale yopanda zopinga. Musadabwe ngati okalamba kapena ana akukana kugona mkati masiku oyamba, mantha a chivomezi satha ndi penti watsopano. Amayi anagona pakhonde mausiku atatu nyumba itatha. Tsiku lachinayi bilida uja anabwera kudzatenga zida zake, anawapeza pakhondepo, anakhala nawo pansi n'kutsegula zithunzi za pafoni yanga, kuwaonetsa chimodzichimodzi kuti amayi, kona iyi ndi iyi, zitsulo zake ndi izi, pamene munkathirira paja ndi apa. Anawagwira dzanja n'kukawagunditsa pa pilala wa kuchipinda kwawo. Usiku umenewo anatiuza kuti tilowetse matiresi.